Kukwera matanthwe modalira ming'alu: zimene Chambe ingaphunzitse Petauke ndi Nyimba

Munthu woyenda pa mseu wa Great East kucokera pa mlatho wa Luangwa, kudzera pa Kacholola ndi pa Nyimba mpaka kukafika ku Petauke, amaona mapiri mbali zonse ziwiri za mseu. Ambiri ndi okutidwa ndi mitengo, koma apa ndi apo pamaoneka matanthwe aakulu osamera kanthu, ena mwa iwo ong'ambika ming'alu kucokera pamwamba mpaka pansi.

Kwa anthu a kumudzi, ming'alu imeneyi ndi mobisalamo mbira, njuci ndi njoka. Koma m'maiko ena muli anthu amene amasunga ndalama caka conse ndi kuyenda ulendo wautali ndi colinga cimodzi cokha, ndico kukalowetsa manja ndi mapazi m'mng'alu wotere ndi kukwera nawo mpaka pa nsonga ya thanthwe.

Masewerawa pa Cingelezi amachedwa trad climbing, kutanthauza kukwera matanthwe mwa njira yakale. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti wokwera asabowole thanthwe. Zitsulo zomuteteza aziike yekha m'ming'alu imene waipeza, ndipo pocoka zonse zicotsedwe, thanthwe litsale monga mmene analipezera.

Cifukwa ca lamuloli, moyo wa wokwera umadalira zinthu zitatu: kuudziwa bwino mwala umene akukwera, kukhulupirika kwa mnzake wogwira cingwe, ndi cilolezo ca eni malo.

Kusiyana kwake ndi za pa Olympics

Anthu ambiri anayamba kuona masewera okwera pa wailesi ya kanema mu 2021, pamene anaseweredwa koyamba pa mpikisano wa Olympics ku Tokyo. Kumeneko opikisana amakwera cipupa comangidwa ndi anthu, cokhala ndi zogwirira za pulasitiki, ndipo pokoloweka cingwe pamakhala poikiratu.

Palinso mtundu wina umene umacitikira pa matanthwe enieni. Anthu amayamba abowola mwala ndi makina ndi kumangamo mabauti okhalitsa, ndipo wokwera amangokoloweka cingwe pa bauti lililonse akalifika.

Kukwera kwa njira yakale kulibe zonsezi. Wokwera amacoka pansi zitsulo zake zili m'ciuno, ndipo thanthwe ndilo limalamula pamene angaike citsulo ndi pamene sangaike.

Khoma la Chambe

M'dera lonse la anthu olankhula Cinyanja, malo odziwika kwambiri pa masewerawa ali ku Malawi, pa phiri la Mulanje, makilomita pafupifupi 65 kum'mawa kwa mzinda wa Blantyre.

Nsonga yaitali koposa ya phirili ndi Sapitwa, ya mamita 3,002. Koma okwera matanthwe amapitira nsonga ina yochedwa Chambe, imene mbali yake yoyang'ana kumadzulo ndi khoma la mwala lotalika mamita pafupifupi 1,700. Khomali limawerengedwa pakati pa makoma aatali koposa okweredwa ndi cingwe mu Africa.

Nyumba ya Findeco House ku Lusaka ndi yotalika mamita 90. Kuti munthu afike pa msinkhu wa khoma la Chambe, angafunike kusanjikiza nyumba zotere pafupifupi 19.

Mu 1977 amuna awiri, a Frank Eastwood ndi a Ian Howell, anatsegula njira yolunjika yokwera khomali kucokera pansi mpaka pamwamba. A Howell anali odziwika kale pa kukwera phiri la Mount Kenya. A Eastwood analemba pambuyo pake buku lofotokoza njira za pa phiri la Mulanje, limene linasindikizidwa mu 1979.

Mulanje si cipululu, ndipo mwala wake si wa mcenga. Ndi mwala wolimba wa mitundu ya granite ndi syenite, umene unapangika pamene mwala wosungunuka unazizira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Mwala wotere susweka wamba, koma mbali zambiri ndi wosalala ndipo ming'alu yake ndi yocepa.

Apa ndi pamene pagona vuto la Chambe. Pamene palibe mng'alu palibe poika citsulo, motero wokwera amayenda mtunda wautali popanda comugwira ngati ataterereka. Malo ena amadalira zitsamba ndi mitsitsi ya udzu womera pa thanthwe. Pakati pa khomali pali khonde lalikulu la nkhalango limene limaligawa pawiri, ndipo ulendo wonse ndi wautali moti ambiri amagona panjira.

Nyengo nayo simvera munthu. M'miyezi yozizira kumabwera ciperoni, nkhungu ya mvula yowaza yocokera mbali ya ku Mozambique, ndipo thanthwe limene linali louma m'mawa limaterera masana.

Phunziro loyamba la Chambe ndi lakuti kwa wokwera mwa njira yakale, mng'alu ndiye bwenzi. Umamupatsa pogwira, popondapo ndi poika comuteteza.

Dzanja losanduka cikhomo

Pa thanthwe loima cilili nthawi zambiri sipakhala cogwira. Cimene wokwera amacita ndi kusandutsa dzanja lake cikhomo. Amalilowetsa m'mng'alu lili lotambasuka, kenaka amapindira cala cacikulu m'cikhato. Dzanja limafufuma, mbali ya cikhato ikukankha khoma limodzi la mng'alu pamene kuseri kwa dzanja kukukankha khoma linalo, ndipo limakakamira moti munthu angathe kulendewera pa ilo.

Phazi nalo limacita cimodzimodzi. Wokwera amatembenuzira bondo kunja, amalowetsa nsonga ya nsapato capambali, kenaka amabwezera bondo pakati. Nsapato imathina m'mng'alumo ndipo amaimapo. Odziwa bwino amasenzetsa miyendo kulemera kwa thupi, cifukwa mikono imatopa msanga.

Kukula kwa mng'alu ndiko kumasankha njira. Wopapatiza umalola zala zokha. Wa masentimita pafupifupi 5 umakwana dzanja la munthu wamkulu, ndipo ndiwo wokondedwa koposa. Wokulirapo umafuna nkhonya.

Wovuta kwambiri ndi umene wakula kuposa nkhonya koma sulola thupi kulowa. M'menemo munthu amapanikiza mkono, phewa ndi bondo, ndi kudzikankha pang'ono pang'ono. Ukakula kufika polowa thupi lonse, amatsamira msana mbali imodzi, mapazi mbali inayo, monga amacitira okumba citsime potuluka m'dzenje.

Mwala umasupula khungu, motero ambiri amakulunga kuseri kwa manja ndi tepi ya nsalu kapena kuvala magolovesi opyapyala a mphira.

Cingwe, manati ndi cam

Okwera amayenda awiri, omangidwa ku cingwe cimodzi kudzera pa malamba a m'ciuno ndi m'nchafu. Mmodzi amatsogola. Winayo amatsala pansi akumasula cingwe pang'ono pang'ono kudzera m'kacipangizo kamene kamacimana cikakokedwa mwadzidzidzi.

Wotsogola akakwera mamita angapo amaika citsulo m'mng'alu ndi kukolowekapo cingwe. Zitsulozi zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu.

Coyamba ndi nati. Ndi kacitsulo konenepa kumwamba, koonda kumunsi, komangidwa ku waya. Amakaika pamene mng'alu ukucepa cotsika, ndipo kakakokedwa kamathina. Dzinali linacokera ku Britain, kumene okwera anayamba ndi kupanikiza timiyala m'ming'alu, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anatengera manati a makina olowetsedwa kacingwe.

Caciwiri ndi cam. Ili ndi timapiko tacitsulo tokhota, kawirikawiri tinayi, timene timapindika munthu akakoka kogwirira ndipo timatambasuka akasiya. Cingwe cikakoka pansi, timapikoti timakankha makoma a mng'alu ndi mphamvu yowirikiza pafupifupi kawiri mphamvu yokokayo. Mwa ici cam imagwira ngakhale m'mng'alu wofanana kukula kucokera pansi mpaka pamwamba, koma imafuna mwala wolimba, apo ayi imauphwanya ndi kutuluka.

Masamu a kugwa ndi osavuta. Munthu amene wakwera mamita 3 pamwamba pa citsulo cake cotsiriza amagwa mamita 6, kuwonjezapo kutamuka kwa cingwe. Citsuloco cikazuka, amapitirira mpaka pa cinzake ca m'munsi. Cikakhala kulibe, amafika pansi.

Cingwe ca masewerawa cimakhala ca mamita 60 kapena 70, ndipo cinapangidwa kuti cizitamuka, kuti cimeze mphamvu ya kugwa. Cingwe comangira ng'ombe kapena katundu wa pa ngolo sicinapangidwire zimenezi. Cingaduke, ndipo cikapanda kuduka cingathyole msana wa munthu amene wagwayo.

Wotsogola akafika pa malo oima amamanga zitsulo zingapo pamodzi ndi kuyamba kukoka cingwe. Mnzake amakwera akuzula citsulo ciliconse cimene cinaikidwa. Amabwereza zimenezi mpaka pamwamba. Potsika amatsetsereka pa cingwe, ndipo ngozi zambiri zimacitika nthawi imeneyi, anthu atatopa ndipo mtima uli kale kunyumba.

Cifukwa cake analeka kukhoma zikhomo

Ofula uci m'cigwa ca Luangwa amadziwa njira yokwerera mlambe. Amasema zikhomo za mtengo ndi kuzikhomera m'thunthu, cimodzi pamwamba pa cinzake, mpaka kufika pa mphako ya njuci. Mabowo ake amaoneka pa mtengowo kwa zaka zambiri.

Okwera matanthwe akale ankacita zofanana, koma ndi zikhomo zacitsulo zokhomera ndi hamala m'ming'alu. Kusiyana kwake ndi kwakuti mlambe umapola, pamene mwala supola. Ku Yosemite, m'dziko la America, kukhoma ndi kuzula zikhomo pa malo amodzimodzi kunasiya mabowo m'ming'alu yochuka.

Mu 1972 a Yvon Chouinard ndi a Tom Frost, amene kampani yawo inkapanga ndi kugulitsa zikhomo zomwezo, analimbikitsa ogula awo kuzisiya ndi kuyamba kugwiritsa nchito manati oika ndi kucotsa ndi dzanja. Kuyambira nthawi imeneyo, kusasiya cipsera pa thanthwe kunakhala mwambo wa masewerawa.

Nsanja za mwala wa mcenga m'cipululu

Ngati Chambe ili ndi ming'alu yocepa, kuli malo ena kumene ming'alu ndiyo njira yokhayo. Malowa ali m'cipululu ca Utah, kumadzulo kwa America, pafupi ndi tauni ya Moab.

Zaka pafupifupi 200 miliyoni zapitazo deralo linali la milu ya mcenga woulutsidwa ndi mphepo. Mcengawo unapanikizika ndi kugwirana mpaka kukhala mwala wofiira wochedwa Wingate. Madzi ndi mphepo zinadya mwala wozungulira, ndipo kunatsala makoma ndi nsanja zoima zokha, zong'ambika ming'alu yowongoka ngati yoceka ndi mpeni.

Yochuka mwa nsanjazi ndi Castleton Tower, yotalika mamita pafupifupi 120, yoima pamwamba pa culu ca miyala ndi dothi ca mamita pafupifupi 300. Oyamba kufika pamwamba pake anali a Layton Kor ndi a Huntley Ingalls mu September 1961, ndipo njira imene anadzera imachedwabe ndi maina awo.

Ming'alu ya kumeneko inali ndi vuto lake. Popeza makoma ake ndi ofanana, nati ilibe pothina. Mu 1976 a Earl Wiggins anatsogola pa mng'alu wochedwa Supercrack ku Indian Creek atanyamula zitsulo za mtundu wa manati, zimene zinali zosadalirika m'mng'alu wotere. Zinthu zinasintha kuyambira mu 1978, pamene cam yopangidwa ndi a Ray Jardine inayamba kugulitsidwa.

Ngakhale lero masewerawa ndi okwera mtengo. Mng'alu umodzi ungakhale wofanana kukula kwa mamita 30, motero wokwera amafunika ma cam ambiri a saizi imodzi, pamene imodzi yokha imagulidwa madola oposa 60 a ku America.

Africa nayo ili ndi nsanja za mwala wa mcenga. Zilipo ku Hombori m'dziko la Mali, ku Ennedi m'dziko la Chad, ndi ku Tigray m'dziko la Ethiopia, kumene opembedza amakwera thanthwe opanda nsapato kuti akafike ku chalichi ca Abuna Yemata Guh cosemedwa m'mwala.

Mwala wonyowa ndi msampha

Mwala wa mcenga ndi timcenga togwirizanitsidwa, ndipo pakati pake pali timipata. Mvula ikagwa umamwa madzi monga njerwa yosawocha bwino, ndipo mphamvu yake imacepa kwambiri. Kunja ungaoneke wouma pamene m'kati udakali wonyowa.

Pa mwala wotere pogwira pamanyotsoka m'manja, ndipo cam imang'amba makoma a mng'alu m'malo mogwira. Ndico cifukwa cake ku Utah okwera amalangizidwa kudikira maola 24 mpaka 48 mvula itagwa, ndi kuyamba aona ngati nthaka ya m'munsi mwa thanthwe yauma.

Ku Saxony, m'dziko la Germany, mwala wa mcenga ndi wofewa moti malamulo a kumeneko saloleza manati kapena ma cam acitsulo. Okwera amamanga mfundo pa zidutswa za cingwe ndi kuzipanikiza m'ming'alu.

Nkhani imeneyi ikukhudza Petauke ndi Nyimba cifukwa maboma awiriwa ali pakati pa mitundu iwiri ya miyala. Kumtunda, mapiri ambiri ndi a granite ndi gneiss, miyala yolimba yofanana ndi ya ku Mulanje. Kutsikira m'cigwa ca Luangwa kumapezeka miyala ya mcenga ndi ya matope ouma ya m'gulu lochedwa Karoo, imene ndi yofewa.

Mwala wolimba nawo uli ndi cinyengo cake. Granite imasendeka zigamba monga anyezi, ndipo cigamba cacikulu cingakhale congotsamira. Okwera amagogoda mwala ndi cikhato asanaudalire. Ukalira ngati ng'oma, ndiye kuti kuseri kwake kuli mphako, ndipo citsulo coikidwa pamenepo cingakankhe cigambaco ndi kucigwetsera pa wogwira cingwe. Cisoti colimba cimavalidwa ndi onse awiri pa cifukwa cimeneci.

M'dera lino mulinso zoopsa zina. Njuci zimamanga zisa m'ming'alu, ndipo munthu wolendewera pa cingwe alibe kothawira. Njoka zimabisala m'malo omwewo amene dzanja liyenera kulowa. Mu October thanthwe limatentha moti silikhudzika masana, ndipo kuyambira November mpaka April ndi nyengo ya mvula. Miyezi yoyenera ndi ya May mpaka August.

Thanthwe lili ndi eni ake

Kusabowola mwala sikupatsa munthu ufulu wokwera paliponse. Mbiri ya cipululu ca ku America ikusonyeza zimenezi.

Nsanja ya Spider Rock ku Arizona, yotalika mamita oposa 200, inakweredwa mu 1956. Koma kwa anthu a mtundu wa Navajo nsanjayi ndi malo opatulika, ndipo pambuyo pake akuluakulu a mtunduwo analetsa kukwera matanthwe m'dziko lawo.

Mu April 2021 kunabuka mkwiyo pamene zinadziwika kuti wokwera wina anabowola ndi kumanga mabauti pa thanthwe lina pafupi ndi Moab, pamalo pamene panali zithunzi zogoba za anthu akale. Mabautiwo anazulidwa, koma zipsera zake zinatsala pa mwala.

Kuno nako matanthwe si miyala cabe. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a cuma ca dziko lonse, makamaka cifukwa ndi lopatulika kwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Mu 2006 bungwe lomwelo linali litaika kale pa mndandandawo dera la Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zithunzi za pa matanthwe, zina mwa izo zokhudza cinamwali ndi Nyau.

M'cigawo ca Kum'mawa zithunzi zotere zimapezeka m'mapanga monga a Kalemba, Thandwe ndi Mkoma. Malo oterewa amatetezedwa ndi lamulo la mu 1989 limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo kuwaononga ndi mlandu.

Zithunzi zambiri zinajambulidwa pansi pa matanthwe olendewera, kumene mvula sifika. Awa ndi malo omwewo amene okwera amawakonda. Thukuta la m'manja, ufa woyera umene amadzola kuti zala zisaterere, ndi kukhula kwa nsapato ndi cingwe zingafafanize m'nyengo imodzi cithunzi cimene cakhala zaka mazana.

Pa mapiri ena pali manda, akacisi ndi malo opempherera mvula, amene mlendo sangawazindikire ndi maso. Malo ambiri a ku Petauke ndi Nyimba ali m'manja mwa mafumu a Ansenga, monga Mfumu Yaikulu Kalindawalo, mwini wa mwambo wa Tuwimba, ndi mafumu Luembe, Ndake, Mwape ndi Nyalugwe. Wofuna kukwera thanthwe ayenera kuyamba kwa anyakwawa a mudzi wapafupi, amene angamuuze pololedwa ndi posaloledwa. Mbali ina ya boma la Nyimba ili m'dera losungira nyama la West Petauke, ndipo kumeneko pamafunikanso cilolezo ca dipatimenti yoona za nyama zakuthengo.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kodi eni dera angapindule bwanji?

Kumene masewerawa akhazikika, amene amadziwa phiri ndiwo amafunidwa poyamba. Ku Wadi Rum, cipululu ca mwala wa mcenga m'dziko la Jordan, gulu la okwera a ku Britain lotsogoleredwa ndi a Tony Howard linafika mu 1984 ndi kupeza kuti alenje a mtundu wa Bedouin anali atafika kale pamwamba pa mapiri ambiri, popanda zipangizo za makono. Njira za alenjewo zimakweredwabe, ndipo mabanja a kumeneko amapeza ndalama potsogolera alendo.

Ku Mulanje, anthu a m'midzi yozungulira Likhubula amagwira nchito yoperekeza alendo ndi kuwanyamulira katundu. Kwa zaka zambiri kukwera ndi cingwe kunali kwa alendo ocokera kunja, koma cakumapeto kwa zaka za m'ma 2010 ku Lilongwe kunakhazikitsidwa bungwe la Climb Malawi, limene linamanga cipupa cophunzirira ndi kuyamba kuphunzitsa acinyamata a m'dzikolo.

Petauke ndi Nyimba ali pa mseu waukulu wolumikiza Lusaka ndi Chipata ndi Lilongwe, umene alendo amadutsamo caka conse. Alenje, abusa a ng'ombe ndi ofula uci a m'maboma awiriwa amadziwa kale kumene kuli madzi, njuci, njira zotsikira ndi malo oletsedwa. Nzeru imeneyi ndiyo imene mlendo sangabwere nayo m'cikwama.

Cimene cimasowa kwa wacinyamata wofuna kuyamba ndi maphunziro ndi zipangizo zoyenera, ndipo ziwirizi zilibe cidule. Ophunzira amayamba pa thanthwe lalifupi, cingwe citamangidwa kale pamwamba ndi munthu wodziwa, kuti akaterereka asagwe mtunda. Kenaka amatsatira wotsogola maulendo ambiri, akuzula zitsulo ndi kuona mmene zinaikidwira. Amayeseranso kuika zitsulo ataima pansi, mphunzitsi akuziyesa cimodzi cimodzi. Kutsogola kumabwera pamapeto, pa njira yosavuta kuposa mphamvu zawo.

Asanacoke panyumba, okwera amauza munthu wina thanthwe limene akupita ndi nthawi imene akuyembekezeka kubwera. Amafunsiratu mtunda wa kucipatala capafupi ndi njira imene galimoto ingadzere, popeza wothyoka msana kapena wovulala m'mutu pansi pa thanthwe la kutali amayenera kunyamulidwa pa macila mpaka pa mseu.

Makolo ndi aphunzitsi ayenera kudziwa kuti zithunzi za okwera zimene ana amaona pa foni sizionetsa zaka za maphunziro zimene zili kuseri kwake. Mwana wotengera zimenezi ndi cingwe ca pakhomo ali pa ngozi yaikulu kuposa munthu amene ali pakati pa khoma la Chambe ndi zipangizo zoyenera.

Mafumu ndi makhonsolo a maboma awiriwa ali ndi mwai wogwirizana pasadakhale za matanthwe amene angakweredwe, amene sayenera kukhudzidwa, ngati mabauti angaloledwe, ndi gawo limene mudzi ungalandire kwa alendo. Ku Arizona ndi ku Utah mafunso amenewa anafunsidwa matanthwe atakweredwa kale ndipo ena atabowoledwa.